Dzina langa mudalibe mu wilo ya bambo

Mpunga wa sadaka ya masiku 40 utatha, alendo ochokera kutali atayamba kumanga akatundu, bambo aang'ono adatiitanira kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. M'manja adali ndi envulopu yakhaki. Adati m'menemo ndi momwe muli mawu omaliza a mkulu wawo.

Adawerenga modekha, chala chili pamzere. Chigayo cha pa Nayuchi chikhale cha azichimwene anga awiri, ana a mayi ang'ono, mkazi amene bambo adakwatira atasiyana ndi mayi anga. Golosale ipite kwa mayi ang'onowo. Nyumba ya lendi ya ku Balaka ipite kwa msuweni wathu, mwana wa mlongo wawo wa bambo. Ine ndidakhala tcheru kudikira. Adatembenuza pepala lija, kuseri kudalibe kanthu, kenaka nkulipinda.

"Nanga ine, bambo?"

"Mwanawe, ine ndangowerenga zomwe zalembedwa. Komanso iwe unadya kale. Fizi yako mpaka ku koleji anakulipirira ndani?"

Ndine mwana woyamba. Sitima yobwerera ndidaikwera ndili ndi chibaluwa chimodzi chokha cha bambo, chithunzi cha wiloyo chomwe ndidajambula pafoni bambo aang'ono asanayibweze mu envulopu. Njira yonse kuchoka pa Nayuchi kudzafika pa Liwonde ndinkangochikulitsa ndi zala, ngati kuti dzina langa libwera lokha ndikachiyang'anitsitsa. Zomwe ndidaphunzira m'miyezi yotsatira ndizo ndikufuna ndikuuzeni, chifukwa ambiri timazimva mochedwa, katundu atagulitsidwa kale.

Choyamba chowawa nchakuti ku Malawi kuno munthu ali ndi ufulu wopatsa chuma chake amene wamufuna. Lamulo lomwe limayendetsa nkhanizi ndi Deceased Estates Act la mu 2011, lokhudza mawilo, kugawa chuma cha masiye ndi kuchiteteza, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1967. Silinena kuti mwana aliyense ali ndi gawo lake loikika lomwe wilo singalikhudze. Choncho bambo sadaphwanye lamulo popatsa msuweni nyumba ya ku Balaka. Koma apa pali pofunika kumvetsa bwino. Kwathu kuno, kwa Ayao ndi Alhomwe, mtundu umayenda kuchikazi, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkapita kwa ana a mlongo wake. Lamulo la 2011 lidatseka khomo limenelo: palibe amene angalowe chuma cha womwalira pongotchula mwambo. Msuweni wangayo nyumba adaipeza chifukwa dzina lake lidalembedwa papepala. Pakadapanda pepalalo, ukulu wa mbumba sukadamupatsa ngakhale chitseko.

Zachipembedzo nazonso zidatchulidwa. Bambo adali Msilamu, ndipo shehe wina adatikumbutsa kuti pa Chisilamu munthu sagawa kudzera mu wilo zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake, chotsalacho chimakhala cha olowa m'malo, mwana wamwamuna kulandira kawiri poyerekeza ndi wamkazi. Mawuwo adali ndi mphamvu pabanja, ndipo pambuyo pake adathandiza kufewetsa mitima. Koma nkhani ikafika kukhoti, woweruza amatsegula lamulo la dziko ndi wilo yomwe ili patsogolo pake.

Funso loyamba lomwe womuthandiza loya wina adandifunsa ku Zomba silidali lakuti ndikumva bwanji. Adati: "Wiloyo ndi yoona?"

Wilo iyenera kukhala yolembedwa, m'chilankhulo chilichonse, ngakhale Chiyao kapena Chichewa. Mwini wake asaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni zosachepera ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, mbonizo nazo zisaine iye akuona. Akhale kuti mutu wake ukuyenda bwino ndipo palibe womukakamiza. Voice note ya pa WhatsApp si wilo. Mawu akuti "malemu anandiuza ali m'chipatala" si wilo. Ndipo ngati amene wapatsidwa chinthu ndi yemwenso adasaina ngati mboni, mphatso yakeyo imakhala pachiswe. Wilo ikagwa kukhoti, ndipo palibe ina yakale yolowa m'malo mwake, chuma chonse chimagawidwa ngati cha munthu amene sadasiye wilo, ndipo pamenepo ana onse amawerengedwa.

Ndivomere, ndinkafunitsitsa kuti ya bambo ikhale yabodza. Ndidayerekeza siginecha ija ndi ya pamakalata akale a sukulu yanga. Idali yawo, ndi kamchira kaja ankakonda kukoka kumapeto. Mboni ziwirizo zilipo mpaka lero, anthu olemekezeka amene sadapatsidwe kanthu. Khomo limenelo kwa ine lidali lotseka, ndipo ndikadaliumirira ndikadangotaya ndalama ndi abale. Kunena kuti munthu adapeka siginecha ya malemu ndi mlandu waukulu, osati nkhani yoponya pagulu la banja usiku chifukwa mtima wawawa.

Khomo lachiwiri ndi lomwe ambiri sitilidziwa. Ngakhale wilo ikhale yoona, lamulo lomwelo limalola mkazi kapena mwamuna wa malemu, ngakhalenso mwana, kupempha khoti kuti limupatseko gawo loyenera ngati wiloyo yamusiya pamtunda. Ndipo mawu akuti mwana m'lamuloli ndi otambasuka: wobadwira m'banja, wobadwira kunja kwa banja, wotengedwa mwalamulo, ngakhale amene adali m'mimba bambo ake pomwalira. Malamulo aakulu a dziko lino, pandime 23, amanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera momwe adabadwira. Choncho mawu aja akuti "mwana wa kwa mkazi woyamba" kapena "mwana wapatchire" amapweteka pamaliro, koma kukhoti alibe ntchito.

Kungoti khoti siligawa mwachisoni. Silifufuta wilo nkuyamba kugawa mofanana ngati mandasi. Limayang'ana kukula kwa chumacho, zomwe wopemphayo ali nazo kale, zosowa zake, momwe ankakhalira ndi malemu, zifukwa zomwe malemu adali nazo ngati zikudziwika, komanso ena amene akudalira chuma chomwecho. Apa mpamene mawu a bambo aang'ono aja, akuti ndidadya kale, adandibwerera. Ndili ndi zaka 26, ndili pantchito, sukulu adandilipirira. Womuthandiza loya uja sadandinamize. Adati ndikhoza kupempha, koma ndisayembekezere chigayo.

Kenaka adafunsa: "Ana onse ndinu angati?"

Ndidati anayi. Adayang'ananso chithunzi chija nkunena kuti akuona mayina a ana awiri okha. Ndi pomwe ndidazindikira chinthu chomwe mkwiyo udandibisira kwa milungu itatu. Mng'ono wanga wotsiriza, mwana wa mayi ang'ono, ali Sitandade 2. Wiloyo idalembedwa iye asanabadwe, ndipo bambo sadaikonzenso. Osiyidwa tidali awiri, ndipo mwa awirife amene adali ndi mlandu wamphamvu sindine. Mwana wamng'ono amene sukulu yake yonse ili kutsogolo ndi amene lamuloli lidapangidwira. Ine ndinkalira dzina, iye adalibe woti adzamulipirire Fomu 1.

Nkhani zoterezi zimafuna changu. Amene wasankhidwa kuyendetsa wilo saloledwa kungoyamba kugawa tsiku lomwe wawerenga. Ayenera kukatenga kaye chilolezo cha khoti, chomwe maloya amachitcha probate. Ngati muli ndi dandaulo, mukhoza kukasiya chenjezo kukhoti, lomwe amati caveat, kuti chilolezocho chisatuluke inu musanamvedwe. Mukachedwa mpaka nyumba itagulitsidwa, ndalama zitadyedwa, mukhoza kupambana mlandu koma nkutsala ndi pepala lokha m'manja. Chuma chochepa chimatha kuthera kwa majisitireti kapena kuofesi ya DC, koma malire a chuma chochepacho lamulo lidawaika pa K1 miliyoni mu 2011, ndalama yomwe lero njinga yamoto yatsopano simungagule. Chuma cha munthu wa chigayo ndi nyumba chimapita ku High Court, yomwe ili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, ndipo kwa ife a ku Machinga ndi Balaka yapafupi ili ku Zomba. Wopanda ndalama ya loya akhoza kuyamba ndi Legal Aid Bureau. Kulinso ofesi ya Administrator General, yomwe imayendetsa chuma cha masiye pomwe palibe woyendetsa kapena pomwe abale akanika kumvana, ndipo m'maboma imagwira ntchito kudzera kwa ma DC.

Khomo lachitatu ndi lomwe lidandipatsa kanthu m'manja, ndipo silidafune kulimbana ndi wilo nkomwe. Wilo imalamulira zokhazo zomwe yatchula. Ya bambo idatchula chigayo, golosale ndi nyumba basi, ndipo idalibe mzere uja umene maloya amaika kumapeto wonena kuti zotsala zonse zipite kwa uje. Koma pazaka zomwe zidadutsa chilembereni, bambo adagula njinga yamoto, adali ndi ndalama kubanki, ina pafoni, ndi matumba a mpunga wa ku Chilwa omwe adapikula kuti adzagulitse mitengo ikakwera. Zonsezi zidagwera kumbali ya chuma chopanda wilo.

Chuma chotere lamulo limati choyamba chiteteze mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemu kuti asavutike. Mkazi wamasiye amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba mwake. Chotsala chimagawidwa kwa mkazi, ana ndi makolo a malemu ngati alipo. Pakati pa ana, wamng'ono amayenera kulandira chokulirapo, ndipo thandizo lomwe wina adalandira kale, monga sukulu, limawerengedwa. Achimwene ndi alongo a malemu amabwera pambuyo, pokhapokha ngati ankadaliradi malemuwo kapena ngati palibe mkazi, ana ndi makolo. Ndiye amene akudziwa PIN ya foni ya malemu asadzione ngati wachita mphumi. Ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money ndi chuma cha masiye ngati ng'ombe ili m'khola. Kutenga, kubisa kapena kugulitsa chuma cha masiye popanda ufulu ndi mlandu womwe chilango chake chimafika pa K1 miliyoni ndi zaka 10 kundende. Faindiyo kwacha idaidya kale, makamaka chigwereni ndi 44 peresenti mu November 2023, koma zaka 10 sizigwa mphamvu.

Palinso ndalama zomwe sizidutsa mu wilo ngakhale pang'ono. Bambo adagwirako ntchito zaka zingapo kukampani ina nthawi yomwe ankakonza njanji yopita ku Nacala, ndipo ankadulidwa penshoni. Malinga ndi lamulo la penshoni, ndalama yotere siikhala gawo la chuma chogawidwa ndi wilo. Imapita kwa amene mwini wake adawalemba pafomu ya ku penshoniko, ndipo ngati fomu palibe, oyang'anira thumbalo ndi amene amafufuza omwe ankadalira malemu. Inshulansi ya moyo nayo kawirikawiri imatsata dzina lomwe lidalembedwa pa polise. Nditafunsa, adandiuza kuti pafomu ya bambo pali mayina awiri, la mayi ang'ono ndi langa. Ndalama yake sidali yambiri. Ndidakhala pabenchi panja pa ofesiyo kwa kanthawi ndisanaimbire munthu aliyense.

Za minda ndisachulutse. Bambo adali mkamwini, ankalima munda wa kwawo kwa mayi ang'ono, ndipo munthu sangagawe mu wilo chomwe sichidali chake. Malo a makolo osalembetsa amayendera malamulo ena a malo, ndipo nkhani zake zimayambira kwa mafumu. Nyumba ya pa poloti ya lizi, ngati ya ku Balaka, ndi nkhani ina. Ndipo poti Nayuchi ndi pamalire, ambiri ali ndi kamunda kapena kashopu tsidya lija, ku Entre Lagos mpaka ku Cuamba. Dziwani kuti ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, munthu amangokhala ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo pepala la khoti la ku Zomba palokha silikasuntha kanthu kumeneko.

Tsopano msonkho, womwe udatsala pang'ono kutiyambanitsa kachiwiri. Tsiku lina msuweni uja adalemba pagulu la banja kuti aliyense amene akufuna kulandira kanthu atumize K50 000 ya "msonkho wa boma". Ndidatsala pang'ono kutumiza, poopa kuti ndikakana anena kuti ndadzichotsa ndekha.

Msonkho wa chuma cha masiye ulipodi, dzina lake ndi estate duty. Koma sulipidwa ndi munthu aliyense payekha ngati chiphaso cholowera pageti. Umawerengedwa pa chuma chonse cha malemu ngongole zitachotsedwa, ndipo umachokera m'chuma chomwecho chisanagawidwe. Amene akuyendetsa chumacho amalemba zonse zomwe malemu adasiya ndi mitengo yake molumbira, akuluakulu oona za msonkhowu nkuwerengera, ndipo kwa zaka zambiri ntchitoyi yakhala ikuyenda kudzera kuofesi ya Registrar General, osati ku MRA monga ambiri timaganizira. Chuma chochepa sichilipira, chikamakula mlingo wake umakweranso. High Court imafuna kuona chikalata cha msonkhowu isanapereke chilolezo chogawira.

Apa mpamene pamakhala mpata wa chinyengo, komanso wa kusamvana kwa anthu osalakwa. Popeza msonkho umafunika chilolezo chisanatuluke, ndipo ndalama za malemu kubanki zimakhala zitatsekedwa, mabanja ena amasonkhadi kuti ntchito iyende. Palibe cholakwika. Koma imeneyo ndi ngongole yomwe chuma cha malemu chiyenera kukubwezerani, osati mtengo wogulira gawo lanu. Funsani pepala losonyeza ndalama yomwe boma lawerengera, ndipo mukapereka mulandire lisiti. Ine nditapempha pepalalo pagulu paja, padakhala zii masiku awiri. Kenaka zidadziwika kuti palibe amene adapitako kuofesi iliyonse, nambala ija idangochokera m'mutu. Sindikuganiza kuti msuweni ankafuna kuba. Adamva kuti kuli msonkho, nkuyerekeza yekha.

Ndipo ngati mwasiyidwa kotheratu, osalandira kanthu, palibe msonkho womwe mukuyenera kulipira. Ngongole za malemu nazo si zanu, pokhapokha ngati mudasaina nawo kapena mudawaimira ngati chikole. Zimalipidwa kuchokera m'chuma, pamodzi ndi zolipira maliro, anthu asanayambe kulandira. Bambo adasiya ngongole ya magetsi a chigayo ndi ina ya mpunga, ndipo zidadya gawo looneka la ndalama ya kubanki ija tisanaione.

MRA imabwera pambuyo. Cholowa chenichenicho sichiwerengedwa ngati malipiro anu, koma chikayamba kubala, phindulo ndi lanu ndipo limakhoma msonkho. Lendi ya nyumba ya ku Balaka ndi ndalama yolowa ngati ina iliyonse. Chigayo ndi bizinesi. Lamulo la msonkho silitenga kusamuka kwa katundu kuchoka m'chuma cha kholo kupita kwa mwana, kapena kwa mkazi kaya mwamuna wa malemu, ngati malonda obweretsa phindu. Koma tsiku lomwe mudzagulitse nyumba yomwe simukhalamo, nkhani ya msonkho wa phindu idzadzuka, choncho pepala losonyeza mtengo wa katunduyo panthawi ya maliro musalitaye. Kusintha dzina pa lizi nakonso kuli ndi zolipira zake kuofesi ya malo, ndipo amene akulandira nyumba ayenera kuzikonzekera.

Sitidafike pozenga mlandu. Nditabwerera pa Nayuchi sindidayambire kwa bambo aang'ono, ndidapita kwa mayi ang'ono, amene chiyambireni sitidakhalepo pamkeka umodzi kukamba zakukhosi. Ndidawapeza akupeta mpunga. Ndidawaonetsa chithunzi chija nkuwafunsa kuti dzina la mwana wawo wotsiriza lili pati. Adapukuta manja pachitenje, nkutenga foni, nkuwerenga kawiri.

"Ndiye mwanayu aphunzira ndi chiyani? Golosaleyo mwaiona mmene ilili?"

Tidapita limodzi kwa bambo aang'ono, shehe uja ali pomwepo. Kukambirana kudatenga maulendo atatu, ndipo paulendo wachiwiri msuweni adanyamuka pakati pa nkhani nkukwera njinga. Chomwe chidamubweza si chikondi. Adauzidwa kuti mayi ang'ono akapita kukhoti m'malo mwa mwanayo, nyumba ija ikhoza kuima zaka osasintha dzina, ndipo mapeto ake woweruza akhoza kudula chokulirapo kuposa chomwe tikupempha. Tidagwirizana kuti nyumba ikhale yake monga bambo adafunira, koma theka la lendi lizipita ku sukulu ya mwanayo mpaka adzamalize. Azichimwene adalonjeza thumba la ufa mwezi uliwonse kuchokera kuchigayo. Zotsala zija tidagawana monga lamulo linenera, wamng'ono kulandira chokulirapo, ine chochepa. Womuthandiza loya uja adaumirira kuti mgwirizano wokhudza gawo la mwana wamng'ono usathere pansi pa mango, ulembedwe, tisaine tonse, ndipo ukaperekedwe kukhoti pamodzi ndi mapepala ena kuti mawa wina asadzati sadamve.

Mapepalawo adakali m'njira. Msuweni sayankha moni wanga pa WhatsApp, ngakhale ndimaona kuti wawerenga. Lendi ya miyezi iwiri yoyamba idafika, ya mwezi wachitatu idachedwa ndi masiku 12, ndipo mayi ang'ono adandiimbira ine, osati bambo aang'ono, kuti ndimukumbutse.